Sikuti aliyense amathera ku Zomba: komwe thandizo la matenda a maganizo limapezeka

Mukangotchula za matenda a maganizo pagulu, mawu otsatira amakhala "Zomba". Ana amanyozana nawo kusukulu, akuluakulu amasekana nawo pa mowa, ndipo banja limene mwana wake wayamba kulankhula zosamveka limanong'onezana usiku kuti, "Kodi timutengere ku Mental?" Mantha amenewa ali ndi gwero lake. Kusunga odwala misala m'dziko muno kunayambira m'ndende: cha m'ma 1910 boma la atsamunda linkawatsekera m'chigawo china cha ndende yaikulu ya Zomba. Chipatala cha Zomba Mental chinatsegulidwa mu 1953, ndipo lamulo loyendetsera nkhanizi, Mental Treatment Act, linali la 1948, lolembedwa pa nthawi imene nkhawa yaikulu ya boma inali yoti wodwalayo asasokoneze anthu ena. Linagwira ntchito zaka zoposa 70, mpaka aphungu anavomereza bilu yatsopano mu 2025.

Mbiri imeneyi inatisiyira chithunzi chimodzi chokha: munthu wamaliseche, womangidwa zingwe, akukwezedwa mu ambulansi. Choncho amene sagona tulo kwa miyezi, amene amalira yekha kubafa, amene mtima umamugunda ngati ukufuna kutuluka akangokwera minibasi, amadziyang'ana n'kunena kuti, "Ine sindine wamisala, ndiye ndipitirenji?" Amakhala pansi n'kumapirira. Pomwe zoona zake n'zakuti anthu ambiri ofunika thandizoli safunika bedi ku Zomba ngakhale usiku umodzi. Amathandizidwa pa chipatala cha kwawo, akugona m'nyumba zawo, akupita kumunda ndi kuntchito. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse padziko lapansi anali ndi vuto lina la maganizo. Ochuluka mwa iwo anali ndi nkhawa kapena kukhumudwa, osati misala yothamanga m'misewu.

Pamzere wa chipatala

Taganizirani mayi wina wa zaka za m'ma 30 amene wafika pa chipatala chaching'ono m'mamawa, kabuku kake kachipatala kali m'pepala la pulasitiki. Mzere ndi wautali, ndipo akafika kwa adokotala ali ndi mphindi zochepa chabe.

"Mayi, chavuta n'chiyani?"

"Mutu, adokotala. Ndiponso thupi lonse kuphwanya. Mtima umathamanga."

Amuyeza malungo, sanapezeke. Amuyeza BP, ili bwinobwino. Amulembera panado, abwerera. Pakatha milungu iwiri wabweranso, ndipo masamba a kabuku aja adzaza ndi mawu omwewo. Mayiyu sananame. Matenda a kukhumudwa, amene azachipatala amati depression, amawawitsadi mutu, amafooketsadi thupi, amathetsa chilakolako cha chakudya. Chimene sananene n'chakuti chiyambire imfa ya mwamuna wake amadzuka 2 koloko usiku osagonanso, kuti geni yake ya tomato anaisiya chifukwa saonanso phindu la chilichonse, ndiponso kuti masiku ena amaganiza zoti bola atangofa. Sananene chifukwa sanafunsidwe, komanso chifukwa kwathu zoterezi sitiziona ngati nkhani yopita nayo kuchipatala.

Apa ndi pamene anthu ambiri amaphonyera thandizo, ali kale m'chipinda choyenera. Ngati mwafika kwa dokotala, musathere pa mutu ndi msana. Nenani kuti tulo tinatha liti. Nenani kuti mukuganiza kwambiri, kuti zimene munkasangalala nazo sizikukomaninso, kuti mwasiya ntchito zimene munkagwira, kuti mwawonjezera mowa. Ngati mumamva mawu amene ena sakumva, kapena maganizo odzipha amakubwererani, nenani mosapita m'mbali. Mukhozanso kupempha nokha kuti, "Ndikufuna kuonana ndi anesi oona za matenda a maganizo." Palibe lamulo loletsa wodwala kupempha zimenezi. Azachipatala ali ndi mafunso oyezera mavuto otere, monga PHQ-9 ndi SRQ-20, ndipo onse awiri anamasuliridwa m'Chichewa n'kuyesedwa kuno kwathu. Safuna makina kapena magazi, amangofuna kuti wina afunse ndipo wina ayankhe zoona.

Kukhumudwa kwa masiku awiri chifukwa mwakangana ndi apongozi si matenda. Chisoni cha maliro si matenda. Azachipatala amayamba kuda nkhawa zizindikiro zikakhala tsiku ndi tsiku kwa milungu iwiri kapena kuposerapo, makamaka zikayamba kulepheretsa munthu kusamba, kuphika, kuphunzira kapena kusamalira ana.

Pali chinthu china chofunika kuchidziwa musanaganize za misala. Munthu amene anali bwinobwino dzulo, lero wasokonekera mwadzidzidzi, sakudziwa kumene ali kapena tsiku lake, thupi latentha, akusinzasinza kapena khosi lauma, ameneyo muthamange naye kuchipatala chilichonse chapafupi lero lomwe. Malungo aakulu, matenda oumitsa khosi, shuga wotsika kwambiri, kuvulala m'mutu, ngakhale kusiya mowa mwadzidzidzi kwa munthu amene ankamwa tsiku lililonse, zonsezi zimasokoneza mutu ndipo zimapha msanga. Mabanja ena ataya abale chifukwa anataya masiku atatu akukambirana za amene wamulodza. N'chifukwa chakenso dokotala wabwino amayamba wayeza thupi, magazi, malungo ndi HIV asananene kuti ndi matenda a maganizo. Amene anamwapo ma ARV akale okhala ndi efavirenz akukumbukira maloto oopsa ndi chizungulire zimene ena ankakumana nazo, dziko lino lisanayambe kusinthira anthu ku dolutegravir mu 2019.

Makomo amene alipo

Kumudzi, munthu woyamba kumufikira nthawi zambiri ndi mlangizi wa zaumoyo, yemwe uja amayeza ana sikelo ndi kupereka katemera. Iye sapereka mankhwala a matenda a maganizo, koma amadziwa tsiku limene kiliniki ya matendawa imachitika pa chipatala chanu chaching'ono. Zipatala za boma za m'maboma zimakhala ndi anamwino kapena ma clinical officer amene anaphunzira mwapadera za matendawa, ndipo ena mwa iwo amayendera zipatala zing'onozing'ono pa masiku oikika, galimoto ndi mafuta zikapezeka. Kiliniki yomweyo ndi imene imaonanso odwala khunyu, ndipo mukapita mudzapeza kuti ambiri pa benchi ndi a khunyu. Khunyu si misala, sipatsirana m'malovu kapena m'mpweya monga ena amanenera, koma kuno anthu ophunzira za ubongo ndi omwewo, ndiye zinaphatikizidwa khomo limodzi.

Ku Blantyre, chipatala cha Queen Elizabeth chili ndi kiliniki ya odwala oyendera imene ambiri amangoitchula kuti Room 6. Kumpoto, abale a chipani cha Katolika cha St John of God anayamba ntchito ku Mzuzu m'zaka za m'ma 1990, ndipo ali ndi chipatala chogoneka odwala, uphungu, pologalamu yothandiza ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, komanso koleji yophunzitsa anamwino, ma clinical officer ndi aphungu a za maganizo. Pambuyo pake anatsegulanso chipatala china ku Area 43 mu Lilongwe. Zipatala za boma ndi zaulere. Za mishoni ndi za anthu wamba zimalipiritsa, choncho funsani mtengo musananyamuke. Zomba Mental ili pamwamba pa zonsezi, ndipo kawirikawiri munthu amafikako atatumizidwa ndi chipatala cha boma lake, ali ndi kalata. Kubwereka galimoto n'kulunjika ku Zomba kuchokera ku Nsanje kapena ku Mchinji musanadutse pa chipatala cha kwanu nthawi zambiri kumakhala kutaya ndalama zimene mudzazifuna mtsogolo.

Nanga amene amagonekedwa m'chipatala ndi ati? Amene akudwala kwambiri moti akhoza kudzivulaza kapena kuvulaza ena, amene wasiya kudya ndi kumwa, kapena amene mankhwala akulephera kumukhazika mtima pansi ali kunyumba. Ambiri mwa iwo amatuluka pakapita milungu ingapo n'kukapitiriza kulandira mankhwala kwawo.

Mayina a akatswiriwa amasokoneza, ndiye ndiwamasule pang'ono. Psychiatrist ndi dokotala amene atamaliza udokotala anaphunziranso zaka zina za matenda a maganizo okha. M'dziko la anthu oposa 20 miliyoni lino, otere ndi owerengeka kwambiri, ngakhale sukulu ya KUHeS, imene kale inali College of Medicine, yakhala ikuphunzitsa ena mothandizana ndi madokotala a ku Scotland. Clinical psychologist amachiza pokambirana ndipo salemba mankhwala. Nawonso ndi ochepa, ambiri ali m'mizinda. Amene asenza katundu weniweni wa dziko lino ndi anamwino ndi ma clinical officer aja. Maganizo anga ndi akuti kudikira kuti muonane ndi "dokotala wamkulu" pamene nesi wodziwa ntchito ali pa boma panu ndi kudzichedwetsa. Ndondomeko ya WHO yotchedwa mhGAP, imene inakhazikitsidwa mu 2008, inapangidwira maiko ngati lathu, kuti azachipatala wamba azitha kuzindikira ndi kuchiza matendawa popanda kutumiza aliyense kutali.

Popita, tengani kabuku kachipatala, ngakhale kakale kodzadza kaja, pamodzi ndi mankhwala onse amene wodwala akumwa, a ARV, a BP, a shuga, ngakhale azitsamba. Pitani ndi munthu amene amakhala naye nyumba imodzi. Gadiyani wochokera kutali amene wangomva nkhani pafoni sangayankhe funso loti, "Anasiya liti kugona?"

Za mankhwala, pamene ambiri amagwera

Kupeza khomo ndi theka chabe la ulendo. Anthu ambiri amene amabwereranso m'chipatala atadwalanso kwambiri si amene sanalandirepo thandizo, koma amene analandira n'kusiyira panjira. Zifukwa zake n'zomveka, ndipo zambiri zikanapeweka akanauzidwa zoyenera kuyembekezera.

Pa matenda a kukhumudwa, mankhwala opezeka kwambiri m'zipatala zathu ndi amitriptyline ndi fluoxetine. Onsewa sagwira ntchito ngati panado. Pamatenga milungu iwiri mpaka 6 kuti munthu ayambe kumva kusintha m'maganizo, pomwe zovuta zake zimabwera tsiku loyamba lomwe. Amitriptyline amaumitsa m'kamwa, amagonetsa, amadzimbitsa, n'chifukwa chake amamwedwa usiku. Fluoxetine amamwedwa m'mawa, ndipo masiku oyamba ena amamva nseru kapena kusowa tulo, ena chilakolako cha m'banja chimatsika. Munthu amene sanachenjezedwe amamwa masiku asanu, amaona kuti zangowonjezera mavuto, amataya kabotolo kuchimbudzi. Wina amapirira, amachira pakatha miyezi iwiri, n'kusiya chifukwa "ndili bwino tsopano". Nayenso walakwitsa, pakuti mankhwalawa amayenera kupitirizidwa kwa miyezi 6 kapena kuposerapo munthu atachira kale, ndipo posiya amachepetsedwa pang'onopang'ono mouzidwa ndi achipatala.

Kwa amene akumva mawu, kuona zinthu zimene ena sakuona, kapena kukhulupirira mwamphamvu kuti anthu akumusaka, pamakhala chlorpromazine, haloperidol, ndi risperidone akapezeka. Amenewa ndi amene anabweretsa mbiri yoti "mankhwala a ku Mental amapusitsa munthu". Mbiriyi ili ndi choonadi pang'ono. Chlorpromazine amagonetsa kwambiri ndipo amachititsa chizungulire munthu akadzuka mofulumira. Haloperidol akhoza kuumitsa thupi, kunjenjemeretsa manja, kutulutsa dovu, ngakhale kupotoza khosi ndi kutembenuza maso m'mwamba. Banja likaona zimenezi limachita mantha, n'kumati ziwanda zabwereranso. Pomwe ndi vuto lodziwika bwino, limene limatha ndi kachepetsedwe ka mlingo kapena kapiritsi kotchedwa benzhexol, kamene ambiri amakadziwa kuti Artane. Chofunika ndi kubwerera kuchipatala n'kukanena, osati kusiya. Kwa amene amaiwalaiwala kapena kukana mapiritsi, pali jakisoni wa fluphenazine, wodziwika kuti Modecate, amene amabayidwa pafupifupi kamodzi pamwezi. Munthu amene wadwala motere koyamba amalangizidwa kupitiriza mankhwala kwa chaka kapena kuposerapo atachira. Ena amamwa kwa zaka zambiri, ngati mmene wa shuga kapena BP amachitira, ndipo akulima, akuphunzitsa, akulera ana.

Pali matenda ena amene amapusitsa ngakhale achipatala, otchedwa bipolar. Munthu amakhala milungu ali pansi penipeni, kenako nthawi ina amakwera: sagona koma satopa, amalankhula osapuma, amagawa katundu wa m'nyumba, amayamba mabizinezi atatu sabata imodzi, amadziona ngati mneneri kapena bwana wamkulu. Nthawi yokwerayi palibe amene amapita nayo kuchipatala chifukwa mwini wake amamva bwino kwambiri. Amapita akagwa. Akapatsidwa mankhwala a kukhumudwa okha, akhoza kukwezedwanso moopsa. Choncho ngati zoterezi zinachitikapo, ngakhale zaka zapitazo, muwauze adokotala. Mankhwala ake ndi ena, monga sodium valproate ndi carbamazepine.

Awiri amenewa amayi ayenera kuwadziwa bwino. Sodium valproate akhoza kuvulaza mwana amene ali m'mimba, ndiye mayi amene angathe kutenga pakati akambirane kaye ndi achipatala asanayambe, ndipo amene akumwa kale asasiye yekha koma akanene msanga akangoganiza zokhala ndi mwana. Carbamazepine amafooketsa mphamvu ya mapiritsi olera ndi kolera ka pamkono, komanso amachepetsa mphamvu ya dolutegravir. Wa kukiliniki ya ARV ayenera kudziwa zimene mukulandira kukiliniki ya maganizo, ndipo winayo chimodzimodzi. Musaganize kuti poti ndi chipatala chimodzi ndiye kuti amauzana.

Diazepam nayenso nditchuleko, chifukwa anthu amamugula mwachinsinsi kuti agone. Amathandiza kwa masiku ochepa pa nthawi yovuta, koma thupi limamuzolowera msanga, ndipo kumuphatikiza ndi mowa n'koopsa.

Kuchiza kokambirana

Si vuto lililonse lofuna mapiritsi. Pa kukhumudwa ndi nkhawa zosafika poipa kwambiri, kukambirana kotsata ndondomeko kumagwira ntchito mofanana ndi mankhwala, ndipo pa matenda aakulu ziwirizi zimathandizana. Ndikuti kotsata ndondomeko chifukwa uphungu weniweni umasiyana ndi malangizo a ankhoswe. Phungu wodziwa ntchito sakuuzani kuti "limbani mtima, ena akuvutika kuposa inu". Amakuthandizani kuyala mavuto anu, kusankha limodzi loti muyambe nalo, kupeza chimene mungachite sabata ino, kenako n'kudzaonanso limodzi ngati chatheka.

Umboni wabwino wa zimenezi unachokera kwa anansi athu ku Zimbabwe. Cha m'ma 2006 dokotala wina wa ku Harare, Dixon Chibanda, poona kuchepa kwa madokotala a matendawa, anayamba kuphunzitsa agogo aakazi ogwira ntchito zaumoyo m'madera kuti azikhala pa benchi panja pa chipatala n'kumakambirana ndi anthu ovutika maganizo, kasanu ndi kamodzi munthu aliyense. Ntchitoyi inatchedwa Friendship Bench. Kafukufuku amene anasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya JAMA mu 2016 anapeza kuti patatha miyezi 6, mwa amene anakhala pa benchi, pafupifupi 14 pa 100 alionse ndi amene anali adakali ndi zizindikiro za kukhumudwa, pomwe mwa amene analandira chisamaliro cha nthawi zonse anali pafupifupi 50 pa 100. Njirayi yayesedwanso kuno ku Malawi, makamaka m'makiliniki a ARV, a amayi oyembekezera ndi a matenda a shuga ndi BP. Sinafike paliponse, koma ndi bwino kufunsa pa chipatala chanu ngati pali phungu wa za maganizo.

M'mizinda muli aphungu olipiritsa, ena abwino kwambiri, ena anangopita kumsonkhano wa masiku atatu n'kusindikiza makadi. Musachite manyazi kufunsa kumene anaphunzira, kuti mukumana kangati, ndiponso kuti mudziwa bwanji kuti zikuyenda. Amene akukuuzani kuti musiye mankhwala a kuchipatala, kapena amene amakamba za makasitomala ake ena powatchula mayina, muthaweni. Ophunzira a m'mayunivesite afunse ku ofesi yoona za ophunzira, ndipo apantchito afunse ngati kampani kapena inshuwalansi yawo imalipira uphungu.

Uphungu wotere ndi wofunikanso kwa amene anaona zoopsa. Namondwe Freddy atagumula mapiri mu March 2023, ku Chilobwe, ku Phalombe, ku Mulanje ndi kwina, thandizo la ufa ndi mabulangete linafika, koma alipo amene mpaka lero mvula ikangoyamba kugunda pa malata usiku amadzuka thukuta lili kamukamu. Chimodzimodzi amene anagwiriridwa kapena kumenyedwa m'banja. Kwa iwowa, maofesi a Victim Support Unit a kupolisi ndi malo a Chikwanekwane amene ali m'zipatala zina amaphatikiza chithandizo cha thupi, cha malamulo ndi cha uphungu pamalo amodzi.

Asing'anga ndi mapemphero

Tisanamizane, mabanja ambiri amayamba apita kwa asing'anga kapena kwa abusa, ndipo chipatala chimakhala chomaliza, mbuzi ndi ndalama zitatha. Sindikuona phindu kunyoza zimenezi. Munthu akasokonekera, banja limafuna kudziwa chifukwa chake, ndipo mpingo umapereka chimene chipatala sichingapereke: anthu okuyenderani, amayi a chigwirizano obwera ndi ufa, pemphero pa nthawi ya mantha. Pempherani ndithu. Koma pali malire amene sayenera kudumphidwa. Kumanga munthu ndi unyolo pamtengo, kumukwapula kuti chiwanda chituluke, kumusalitsa kudya masiku ambiri, kapena kumulamula kuti ataye mapiritsi posonyeza chikhulupiriro, zimenezi ndi nkhanza, kaya wochitayo wavala mkanjo wotani. Ndiponso nthawi ndi yodula. Pa matenda a misala, munthu akachedwa kwambiri kuyamba mankhwala, kuchira kwake kumavutiranso. Alipo abusa, mashehe ndi asing'anga ena amene amati, "Ife tachita mbali yathu, tsopano pitani naye kuchipatala." Amenewo ndi ofunika kuwasunga.

Mowa ndi chamba n'zimene zimabweretsa anyamata ambiri m'mawodi a matendawa. Chamba sichipengetsa aliyense wosuta, koma kwa amene anayamba ali wamng'ono, wosuta kwambiri, kapena amene kubanja kwawo kuli kale matendawa, chimafulumizitsa ndi kukulitsa vuto. Mnyamata wotere akachira n'kubwerera kukasuta, amadwalanso, ngakhale akumwa mapiritsi. Kumwa mowa kosaletseka nakonso ndi matenda ochizika. Chenjezo limodzi: munthu amene wamwa kachasu tsiku lililonse kwa zaka asasiye mwadzidzidzi ali yekha kunyumba. Kunjenjemera, kukomoka ndi kusokonekera zimene zimabwera m'masiku oyamba atasiya zikhoza kumupha. Akasiyire m'manja mwa achipatala.

Pamene sipafunika kudikira tsiku la kiliniki

Malipoti a apolisi chaka ndi chaka amasonyeza kuti ambiri mwa amene amadzipha m'dziko muno ndi amuna, ndipo zifukwa zotchulidwa kawirikawiri ndi ngongole ndi mavuto a m'banja. Tinawalera kuti mwamuna salira, ndiye amasenza katapila, kutha kwa ntchito ndi manyazi ali chete. Gawo 229 la malamulo a milandu (Penal Code), lotengera malamulo akale a ku Britain, linalembedwa kuti kuyesa kudzipha ndi mlandu, ndipo mabungwe ambiri akhala akulimbana nalo chifukwa limachititsa mabanja kubisa munthu m'malo mothamanga naye kuchipatala.

Ngati m'bale wanu wayamba kulankhula zoti "mudzatsala mukuona", kugawa zinthu zake, kutsanzika mosadziwika bwino, mufunseni maso ndi maso: "Achimwene, kodi mukuganiza zodzipha?" Funsoli silimuika maganizo amene analibe. Kafukufuku wambiri wasonyeza zimenezo, ndipo nthawi zambiri munthuyo amapepukidwa kuti wina waona. Akavomera, musamukalipire, musamulalikire za Gehena, musamulonjeze kuti musunga chinsinsi. Khalani naye, chotsani m'nyumba mankhwala a mbewu ndi a makoswe, zingwe ndi mapiritsi, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati akumwa kale mankhwala a matendawa, asungeni inuyo n'kumamupatsa a tsikulo okha. Maganizo odzipha amabwera mwamphamvu koma amadutsa, ndipo ambiri amene anapulumuka sadzafa modzipha.

Mayi amene wangobereka n'kuyamba kusokonekera m'milungu iwiri yoyamba, osagona, kulankhula zachilendo, kuopa kapena kukana mwana wake, nayenso ndi wofunika kuchipatala tsiku lomwelo. Zimachitikira mayi mmodzi kapena awiri pa 1,000 alionse obereka, zimachizika bwino, koma mayiyo ndi khanda asasiyidwe okha.

Pafoni, bungwe la YONECO la ku Zomba limayendetsa manambala aulere a Tithandizane: 116 ya ana, 5600 ya nkhanza za m'banja ndi 6600 ya mavuto a mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Chipatala cha pa Foni cha Unduna wa Zaumoyo chili pa 929. Abale athu okhala kunja nawonso ali ndi makomo awo. Ku Zambia chipatala chachikulu cha matendawa ndi Chainama Hills ku Lusaka. Ku Joni kuli bungwe la SADAG, limene nambala yake ya anthu oganiza zodzipha ndi 0800 567 567. Ku Britain a Samaritans amayankha usana ndi usiku pa 116 123, ndipo ku England munthu akhoza kudzilembetsa yekha ku uphungu wa boma wa NHS Talking Therapies osadutsa kwa dokotala wa m'dera lake (GP).

Ulendo wautali wa gadiyani

Wodwala akatuluka m'chipatala, ntchito yonse imagwera munthu mmodzi, kawirikawiri mayi ake kapena mkazi wake. Ndiye amawerenga mapiritsi, amafuna ndalama ya kabaza tsiku la kiliniki, amamva zonena za anansi pa mjigo. Gadiyani wotopa amadwala nayenso, ndiye abale agawane ntchitoyi, wina thiransipoti, wina kuperekeza. Bungwe la MeHUCA, la anthu amene anadwalapo matendawa pamodzi ndi owasamalira, linakhazikitsidwa kuti otere azilimbikitsana ndi kumenyera ufulu wawo, ndipo anesi a kukiliniki akhoza kukuuzani ngati kwanuko kuli gulu lokumana. Wochira musamusunge ngati mbale yosweka. Apite kumunda, aphike, apite kumaliro ndi kuukwati, afunsidwe maganizo pa nkhani za m'banja. Phunzirani zizindikiro zake zoyamba, pakuti aliyense ali ndi zake, ndipo kwa ambiri chimayamba ndi kusowa tulo masiku awiri kapena atatu otsatizana. Mukaziona, pitani kuchipatala osadikira tsiku lolembedwa m'kabuku.

Vuto limene simungalipewe ndi la kusowa kwa mankhwala. Lidzafika tsiku limene mudzauzidwe pa windo kuti, "Amenewa atha." Musabwerere kunyumba chimanjamanja. Bwererani kwa amene anakulemberani, mufunse ngati pali ena ofanana nawo amene alipo, chifukwa nthawi zambiri amakhalapo, koma kusintha kwake kumafuna wodziwa mlingo. Ngati palibe, pemphani akulembereni dzina ndi mlingo momveka bwino kuti mukagule ku famase yovomerezeka, osati pa msika kapena kwa oyenda ndi zikwama. Funsani ngati chipatala cha boma lanu kapena cha mishoni chapafupi chili nawo. Ndipo mwezi wotsatira pitani kukatenga kutatsala sabata yathunthu kuti amene muli nawo athe, kuti akakapezeka kulibe mukhale ndi masiku ofufuzira kwina.